John Kirk

John Kirk (19 Disembala 1832 – 15 Januwale 1922) anali dokotala wa ku Scotland yemwe ankakondanso kufufuza za zomera ndi nyama. Kuyambira 1858 mpaka 1863 anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi.

Mu 1860 bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Cahora Bassa ndipo zolemba zake zambiri zinapita ndi madzi. Chaka chotsatira anayenda pa boti m'nyanja ya Malawi, kutsata gombe la kumadzulo komwe kuli Chia ndi Nkhotakota. Albert Günther anafotokoza za nsomba zomwe Kirk anatolera m'nyanjayi mu 1864.

Alenje a m'chigwa cha Shire ankadziwa kale kombe, ankapaka poizoni wake ku mivi. Tsiku lina mswachi wa Kirk unakhudzana ndi kombe m'thumba, ndipo atatsuka mkamwa anamva mtima ukugunda pang'onopang'ono. Kenako Thomas Fraser wa ku Edinburgh anapeza mankhwala a mtima m'chomerachi.

Mu 1873 Kirk anakakamiza Sultan Barghash kutseka msika wa akapolo ku Zanzibar. Mapiri a Kirk Range ku Ntcheu ndi Neno amatchedwa ndi dzina lake.