Alan Turing ndi Makina Otha Kuphunzira

Mwana wa ku Machinga safuna buku kuti asiyanitse matemba ndi mlamba. Iye wakula akuona nsomba za m'nyanja ya Chilwa, ndipo akalakwitsa dzina amayi ake amamuwongolera. Kodi makina angathe kuphunzira motere? Munthu amene anasinkhasinkha kwambiri funso limeneli ndi Alan Turing.

Turing anabadwira mumzinda wa London ku Mangalande pa 23 Juni 1912. M'chaka cha 1926, pamene anayenera kukayamba sukulu ku Sherborne, sitima zapamtunda sizinali kuyenda chifukwa antchito anali atanyanyala ntchito. Mnyamatayo anangotenga njinga napalasa makilomita oposa 90, nagona panjira usiku umodzi. Mtunda umenewu ndi pafupifupi katatu kuchokera ku Balaka kukafika ku Liwonde. Kusukuluko aphunzitsi ankadandaula ndi kulemba kwake kosasamala, koma pa masamu anali katswiri, kotero kuti anakapitiriza maphunziro ku Cambridge.

Mu 1936 analongosola papepala makina otha kugwira ntchito iliyonse ya masamu, malinga apatsidwe malangizo mwatsatanetsatane. Maganizo amenewa ndiwo maziko a kompyuta.

Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse itayambika mu 1939, Turing anaitanidwa ku Bletchley Park. Asilikali a ku Germany ankabisa mauthenga awo ndi makina otchedwa Enigma, ndipo ankamiza sitima zonyamula chakudya chopita ku Britain. Turing ndi anzake anakonza makina ovundukula mauthengawo, napulumutsa miyoyo yambiri.

Mu 1950, ali ku Manchester, analemba nkhani yofunsa ngati makina angathe kuganiza. Iye anaona kuti kuika nzeru zonse za munthu wamkulu m'makina n'kovuta zedi. Njira yabwino, m'kuganiza kwake, inali kupanga makina onga mwana, kenaka n'kuwaphunzitsa pang'onopang'ono: akakhoza awonetsedwe kuti akhoza, akalakwa awongoleredwe. Anthu ambiri sanamukhulupirire.

Lero zimenezi zikuchitika, ndipo m'Chingerezi amazitcha Artificial Intelligence, kutanthauza nzeru zopangidwa ndi anthu. Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zikwizikwi za nsomba, chilichonse ndi dzina lake, mpaka imayamba kuzindikira yokha mlamba umene sinauonepo. Koma ikaonetsedwa zithunzi zochepa, kapena mayina olakwika, nayonso imalakwa, monga mwana wophunzitsidwa mosasamala.

Turing sanazione zonsezi. Mu 1952 anaimbidwa mlandu pa lamulo lina lankhanza la ku Britain, limene pambuyo pake linathetsedwa, ndipo boma linaleka kumupatsa ntchito zachinsinsi. Anamwalira pa 7 Juni 1954, ali ndi zaka 41 zokha. Ntchito yake ya pankhondo inabisidwa kwa zaka zambiri. Mu 2013 Mfumukazi Elizabeth II inamukhululukira mlandu uja, ndipo mu 2021 nkhope yake inaikidwa pa ndalama yapepala ya mapaundi 50.