AUGUSTINE WA KU HIPPO: MTIMA UMENE UNAPEZA MPUMULO

Augustine anabadwa m'caka ca 354 ku Thagaste, mudzi waung'ono wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero lichedwa Algeria. Atate wace Patricius anali wakunja, koma amace, Monica, anali Mkristu woopa Mulungu.

Popeza mnyamatayo anali wanzeru, makolo ace anamtumiza kukaphunzira ku mzinda waukuru wa Carthage. Kumeneko anapambana m'maphunziro, koma anagwa m'zilakolako za unyamata. Anakhala ndi mkazi wosamkwatira mwa lamulo, nabala naye mwana dzina lace Adeodatus. Anatsatanso ciphunzitso conama ca Mani zaka zisanu ndi zinai. Masiku onsewo amace sanaleke kumpempherera ndi misozi.

M'caka ca 383 anaoloka nyanja kumka ku Rome, ndipo caka cotsatira analandira nchito yaulemu ya uphunzitsi ku Milan, kumene kunali nyumba ya mfumu ya Aroma. Tsopano anali nazo zimene anthu ambiri azikhumba: mbiri, ndalama, ndi abwenzi omveka. Koma mtima wace sunakhutire ai. Tsiku lina, alikukonza mau akutamanda mfumu, amene iye mwini anadziwa kuti ambiri a iwo ngabodza, anaona m'khwalala munthu wopemphapempha ataledzera, alikuseka. Pomwepo anabuula, pozindikira kuti waumphawi uja anagula ndi timakobiri cimwemwe ca kanthawi, cimene iye ndi nzeru zace zonse analephera kucipeza.

Ku Milan anayamba kupita kukamva bishopu Ambrose alikulalikira. Poyamba anangofuna kuyesa luso la kalankhulidwe kace, koma pang'ono pang'ono coonadi cinalowa. Anadziwa njira yoyenera, koma analibe mphamvu yakuleka zoipa zimene anazizolowera.

M'caka ca 386, alikulira m'munda cifukwa ca nkhondo ya m'mtima mwace, anamva mau ngati a mwana akumuuza kuti atenge buku nawerenge. Anatsegula makalata a Paulo, ndipo maso ace anagwera kumapeto kwa Aroma 13, pamene mtumwiyo atiuza kutaya nchito za mdima ndi kubvala Ambuye Yesu Kristu. Kukayika kwace kunatha pomwepo. Anabatizidwa ndi Ambrose pa Paskha wa caka ca 387, pamodzi ndi mwana wace. Caka comweco Monica anamwalira ku Ostia, ataona yankho la mapemphero ace.

Atabwerera ku Africa anagulitsa cuma ca makolo, nagawira aumphawi. M'caka ca 391 Akristu a ku Hippo anamkakamiza akhale mbusa wao, ndipo patapita zaka zowerengeka anakhala bishopu. M'buku lace lochedwa Confessions anaulula zocimwa zace poyera, naphunzitsa kuti Mulungu analenga munthu kuti akhale wace wa Iye, cotero kulibe colengedwa cimene cingathe kukhutitsa mtima.

Mtendere umenewu unayesedwa pa ukalamba wace. M'caka ca 429 ankhondo a mtundu wa Vandal analowa m'Africa, alikutentha midzi ndi nyumba za Mulungu. Abusa ena anamfunsa ngati kuli koyenera kuthawa. Iye anawalangiza kuti mbusa asasiye nkhosa zosowa wozitumikira. Iye mwini anakhalabe ku Hippo pamene adani anazinga mzindawo. Atadwala malungo, anapempha kuti Masalmo a kulapa alembedwe ndi kupacikidwa pakhoma pafupi ndi kama wace, nawawerenga ndi kupemphera. Anamwalira pa 28 August 430, ali ndi zaka 75. Sanasiye kalata wogawira cuma, pakuti analibe cuma cakuti agawe.

Pamene anali pafupi ndi nyumba ya mfumu, Augustine anasowa mtendere. Pamene anali m'mzinda wozingidwa ndi adani, wopanda kanthu, anali nao. Makolo amene alirira ana ao otayika m'mizinda akumbukire Monica, asafooke m'kupemphera. Ndipo yense wolema ndi kufunafuna adziwe kuti Mpulumutsi amene anapumulitsa Augustine aitanabe akulema ndi akuthodwa kufikira lero lino.