Alfred Nobel

Alfred Bernhard Nobel (21 Okutobala 1833 – 10 Disembala 1896) anali katswiri wa sayansi komanso wamalonda wa ku Sweden. Amadziwika chifukwa chopanga dayinamaiti ndi detoneta, kachipangizo koyambitsa kuphulika kwa mankhwala oswera miyala, komanso chifukwa cha Mphoto ya Nobel imene imachokera ku chuma chake.

Ubwana ndi maphunziro

Nobel anabadwira mumzinda wa Stockholm. Bambo ake anali Immanuel Nobel, mmisiri wa zomangamanga, ndipo mayi ake anali Andriette Ahlsell. Chaka chimene iye anabadwa, bizinesi ya bambo ake inagwa. Mu 1837 Immanuel anachoka ku Sweden kukasaka ntchito, ndipo mu 1842 banja lonse linamutsatira ku Saint Petersburg m'dziko la Russia. Kumeneko anatsegula fakitale yopanga makina ndi mabomba otchera m'nyanja a asilikali a Russia.

Alfred ankaphunzitsidwa kunyumba. Pofika zaka 17 ankalankhula Chiswidishi, Chirasha, Chifalansa, Chingerezi ndi Chijeremani. Kenako anapita ku Paris kukagwira ntchito mu labotale ya Théophile-Jules Pelouze. Kumeneko anadziwa za nitroglycerin, madzi onga mafuta ophulika mwamphamvu kwambiri, omwe anapangidwa koyamba mu 1847 ndi Ascanio Sobrero wa ku Italy.

Detoneta

Masiku amenewo anthu ankaswa miyala ndi wonga wamfuti, umene mphamvu yake inali yochepa. Nitroglycerin inali yamphamvu kuposa wonga, koma inali yovuta kuilamulira. Ikayatsidwa ndi moto nthawi zina inkangoyaka osaphulika, koma ikagwedezeka kapena kugundidwa inkatha kuphulika mosayembekezereka.

Nkhondo ya ku Crimea itatha mu 1856, fakitale ya banjali inagwa ndipo makolo ake anabwerera ku Sweden. Nobel anawatsatira mu 1863. Iye anazindikira kuti chimene chimaphulitsa nitroglycerin bwinobwino si moto, koma kugunda kwamphamvu kochokera ku kuphulika kwina kwakung'ono. Chaka chomwecho anapanga detoneta yake yoyamba, kamtengo kobowola kodzaza wonga komwe ankakaika m'kati mwa nitroglycerin ndi kukayatsa ndi chingwe. Mu 1865 anaikonzanso kukhala kachitsulo kakang'ono kokhala ndi mankhwala otchedwa mercury fulminate. Kuyambira pamenepo wogwira ntchito ankatha kusankha nthawi yophulitsa ali patali.

Ntchitoyi inamutayitsa m'bale wake. Pa 3 Seputembala 1864 nyumba yopangira nitroglycerin ku Heleneborg inaphulika ndipo anthu asanu anafa, kuphatikizapo mng'ono wake Emil. Akuluakulu a Stockholm analetsa ntchitoyi mumzindamo, choncho Nobel anaipitiriza m'bwato pa nyanja ya Mälaren.

Dayinamaiti ndi mafakitale

Mu 1865 Nobel anamanga fakitale ku Krümmel pafupi ndi Hamburg ku Germany. Ngozi zinapitirirabe ponyamula nitroglycerin m'mayiko osiyanasiyana. Iye anapeza kuti akaisakaniza ndi dothi lopepuka lotchedwa kieselguhr, dothilo limaimwa ndipo pamapangika phala losaphulika msanga. Phalali ankaliumba ngati timitengo tolowa m'mabowo a thanthwe, ndipo linkaphulika ndi detoneta. Analitcha dayinamaiti ndipo analandira chiphaso cha umwini wake mu 1867. Mu 1875 anapanga mtundu wina wamphamvu kwambiri wooneka ngati ulimbo, umene unkagwira ntchito ngakhale m'madzi, ndipo mu 1887 anapanga ballistite, wonga wamfuti wa utsi wochepa.

Zophulitsa zake zinathandiza pokumba migodi, kumanga njanji ndi kuboola mapiri, monga njira ya sitima ya Gotthard ku Switzerland imene inatsegulidwa mu 1882. Fakitale yake ya ku Ardeer ku Scotland inakula kwambiri. Mu 1896 fakitale ya dayinamaiti inatsegulidwanso ku Modderfontein pafupi ndi Johannesburg, yothandiza migodi ya golide komwe amuna ambiri a ku Malawi ndi Mozambique anakagwira ntchito. Nobel anali ndi ziphaso za umwini 355.

Moyo wake ndi imfa

Nobel sanakwatire ndipo analibe ana. Anakhala zaka zambiri ku Paris, ndipo mu 1891 anasamukira ku San Remo ku Italy. Mu 1876 mayi wina wa ku Austria, Bertha Kinsky, anakhala mlembi wake kwa masiku ochepa. Mayiyu atakwatiwa ankatchedwa Bertha von Suttner, ndipo anatchuka polimbikitsa mtendere. Awiriwa ankalemberana makalata mpaka imfa ya Nobel. Komabe mu 1894 Nobel anagula kampani ya Bofors yopanga mizinga. Atadwala mtima, madokotala anamulembera nitroglycerin yomweyo ngati mankhwala. Anamwalira ku San Remo ali ndi zaka 63 ndipo anaikidwa ku Stockholm.

Mphoto ya Nobel

Pa 27 Novembala 1895 ku Paris, Nobel anasaina wilo yopereka pafupifupi chuma chake chonse, ndalama za ku Sweden zoposa 31 miliyoni, ku thumba la mphoto zisanu: za fizikisi, kemisitili, zachipatala, zolembalemba ndi mtendere. Achibale ena anaitsutsa wiloyo, ndipo mphoto zoyamba zinaperekedwa mu 1901. Bertha von Suttner analandira mphoto ya mtendere mu 1905.

Detoneta za masiku ano

Mfundo ya Nobel, yakuti kuphulika kwakung'ono kuyambitse kwakukulu, ikugwirabe ntchito. Chimene chasintha ndi njira yotumizira chizindikiro. Pambuyo pa chingwe choyaka panabwera mawaya a magetsi, kenako detoneta zokhala ndi kakompyuta kowerenga nthawi. Mawaya amaduka miyala ikagwa, ndipo munthu wokawalumikiza amakhala pangozi. N'chifukwa chake makampani ena, monga Orica ya ku Australia, apanga detoneta zopanda mawaya. Mafunde a wailesi wamba salowa patali m'thanthwe, makamaka lonyowa kapena lokhala ndi zitsulo, choncho detonetazi zimalandira chizindikiro cha maginito chogunda pang'onopang'ono, chimene chimadutsa m'miyala ndi m'madzi.