Orton Chirwa—Loya Amene Anamanidwa Chilungamo

MUMZINDA wa Gweru, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, muli komboni yotchedwa Mtapa, imodzi ya makomboni akale kwambiri a mzindawo. Kwa zaka zambiri amuna ochokera ku Nyasaland, amene tsopano ali Malaŵi, anali kufika kuchigawo chimenechi kudzafuna ntchito m'mafakitale ndi m'migodi ya ku Shurugwi, Kwekwe, ndi Zvishavane. Mu 1959 anthu ena akwawo anafikanso mumzindawo, umene panthaŵiyo unali kutchedwa Gwelo, koma iwo sanadzere ntchito. Anali akaidi andale, ndipo mmodzi wa iwo anali Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Pamene Banda anali m'ndende ya ku Gwelo, loya wina kwawo anayambitsa chipani chandale ndi kumsungira mpando wa utsogoleri. Loyayo anali Orton Chirwa. Patapita zaka 33, iye anafera m'ndende ya boma la munthu yemweyo amene anamsungira mpando. Kodi zimenezi zinachitika motani? Ndipo kodi moyo wake umasonyezanji ponena za chilungamo cha anthu?

Mphunzitsi Akhala Loya

Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa January 30, 1919, m'boma la Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi. Anaphunzira pa koleji ya Fort Hare ku South Africa, ndiyeno anaphunzitsa pa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ku Domasi, pafupi ndi Zomba. Mu 1951 anakwatira Vera Chibambo. Pambuyo pake anapita ku London kukaphunzira zamalamulo, ndipo mu 1958 bungwe la maloya la Lincoln's Inn linamvomereza kuimira anthu pamilandu. Iye anali Mwafirika woyamba wa ku Nyasaland kufika paudindo umenewo.

Chirwa anabwerera kwawo panthaŵi yovuta. Chiyambire 1953, Nyasaland anali ataphatikizidwa ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'chitaganya chimene Aafirika ochuluka anachikana. Pa March 3, 1959, bwanamkubwa wa Britain analengeza kuti dziko lili pangozi, analetsa chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo mazana a anthu anamangidwa. Chirwa anatsekeredwa m'ndende ya Khami, pafupi ndi Bulawayo. Atamasulidwa mu August, iye ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party pa September 30, 1959, ndipo anakhala pulezidenti wake woyamba. Banda atatuluka m'ndende ya ku Gwelo pa April 1, 1960, Chirwa anatula pansi udindowo ndi kuupereka kwa iye.

Kuchoka pa Unduna Kumka ku Ukapolo wa Kuthaŵa

Chipanicho chitapambana masankho a 1961, Chirwa anapatsidwa ntchito mu unduna wa zachilungamo, ndipo pamene Malaŵi analandira ufulu wodzilamulira pa July 6, 1964, iye anali nduna ya zachilungamo. Imodzi ya ntchito zake inali kukonzanso mabwalo a milandu a kumidzi mu 1962, kuti milandu ya anthu wamba iziweruzidwa mwadongosolo.

Komabe, chimwemwe cha ufuluwo sichinakhalitse. Milungu yoŵerengeka chabe pambuyo pake, nduna zingapo zinatsutsana ndi Banda pankhani ya unansi wa dzikolo ndi Portugal ndi South Africa, kuchedwa kopatsa Aafirika maudindo m'boma, ndalama zimene odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala, ndiponso mphamvu zochuluka zimene munthu mmodzi anali nazo. Mu September 1964, Chirwa, Kanyama Chiume, ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa pa unduna, ndipo nduna zina zinatula pansi maudindo awo. Posapita nthaŵi Chirwa anathaŵira ku Tanzania. Kumeneko anapitiriza ntchito ya zamalamulo, ndipo pambuyo pake anayambitsa gulu lotsutsa boma lotchedwa Malawi Freedom Movement. Vera nayenso anakhala loya, mkazi woyamba wa ku Malaŵi kutero, ndipo anaphunzitsa zamalamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka.

Mlandu Wopanda Womuimira

Pa December 24, 1981, Chirwa, mkazi wake, ndi mwana wawo wamwamuna anagwidwa pafupi ndi malire a Zambia ndi Malaŵi, chakufupi ndi Chipata. Boma linanena kuti iwo analoŵa okha m'Malaŵi, pamene eni akewo anaumirira kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Mwamunayo ndi mkazi wake anaimbidwa mlandu woukira boma.

Bwalo limene linazenga mlanduwo linali ndi mbiri yomvetsa chisoni kwa Chirwa. Kuyambira mu 1969, mabwalo a kumidzi amene iye anakonza anasinthidwa kukhala mabwalo amwambo, ndipo anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha, kenako ndi youkira boma yomwe. Ambiri a oweruza ake anali mafumu osaphunzira zamalamulo, ndipo woimbidwa mlandu sanali kuloledwa kukhala ndi loya. Chotero maloya aŵiri otchuka ameneŵa anadziimira okha, ndipo sanaloledwe kuitana mboni zimene anafuna. Zimenezi zinali zosiyana kotheratu ndi Chilamulo cha Mose, chimene chinafuna kuti oweruza afufuze mlandu mosamalitsa, amve mbali zonse, ndipo asaope munthu aliyense.—Deuteronomo 1:16, 17, 19:15-19.

Mu May 1983 onse aŵiri anaweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo apilo yawo inakanidwa mu February 1984. Maboma, matchalitchi, ndi mabungwe onga Amnesty International atachonderera, chilangocho chinasinthidwa mu June 1984 kukhala ukaidi wa moyo wonse. Ngakhale kuti onse anali m'ndende ya ku Zomba, iwo analekanitsidwa kwa zaka zisanu ndi zitatu. Anaonana mu September 1992, pamene kagulu ka maloya a ku Britain kanaloledwa kuwachezera. Panthaŵiyo Chirwa anali wofooka, wosamva bwino, ndipo maso ake anali atachita khungu. Anamwalira m'ndendemo pa October 20, 1992, ali ndi zaka 73. Vera anamasulidwa mu January 1993, ndipo mu June chaka chomwecho Amalaŵi anavota kuti pakhale zipani zambiri.

Kodi Chilungamo Chidzachokera Kuti?

Chirwa sanali yekha amene anavutika m'zaka zimenezo. Mboni za Yehova m'Malaŵi zinaletsedwa mu October 1967 chifukwa chokana kugula makhadi a chipani. Mu 1972 zikwi zambiri za izo zinathaŵira ku Zambia ndi ku Mozambique nyumba zawo zitatenthedwa, ndipo chiletsocho chinachotsedwa pa August 12, 1993. Komabe, panali kusiyana kwakukulu. Chirwa anakhulupirira kuti boma loipa lingawongoledwe mwa ndale. Akristu ameneŵa sanafune kuchirikiza kapena kugwetsa wolamulira aliyense. Iwo anakhoma misonkho ndi kumvera malamulo, koma anatsanzira Yesu Kristu, amene anachoka pamene khamu linafuna kumlonga ufumu, ndi amene anauza Pilato kuti Ufumu wake sunali wochokera m'dziko lino.—Yohane 6:15, 18:36, Aroma 13:1, 7.

Palibe chifukwa chokayikirira kuti Chirwa anali munthu waluso ndi wolimba mtima, amene anafunira anthu akwawo zabwino. Koma chipani chimene anayambitsa chinamtembenukira, mtsogoleri amene anamkweza anamtsekera, ndipo mabwalo amene anakonza anamweruzira imfa. Baibulo linaneneratu kalekale kuti ulamuliro wa munthu pa munthu mnzake umadzetsa mavuto, ndipo limachenjeza kuti akalonga, pokhala anthu okhoza kufa, sangapulumutse awo owadalira.—Salmo 146:3, 4, Mlaliki 8:9, Yeremiya 10:23.

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti okonda chilungamo alibe chiyembekezo? Kutalitali! Mneneri Yesaya analongosola Woweruza amene sadzagamula mlandu mongoona maonekedwe kapena mongomva mphekesera, koma amene adzaweruza aumphaŵi mwachilungamo. Woweruzayo ndiye Yesu Kristu, Mfumu ya Ufumu wa Mulungu. (Yesaya 11:1-5, Danieli 2:44) Ndiponso, Malemba amalonjeza kuti akufa adzaukitsidwa, olungama ndi osalungama omwe. (Machitidwe 24:15) Panthaŵiyo anthu onga Orton Chirwa, limodzi ndi ena ambirimbiri amene anafera m'ndende popanda wowadziŵa, adzakhala ndi mwaŵi wa kuona boma limene silidzamana munthu aliyense chilungamo.