Masauko Chipembere ndi Pantoni ya pa Liwonde

Aliyense amene awoloka Shire pa Liwonde, pomwe boma la Balaka lichitira malire ndi la Machinga, adutsa pamalo amene ulendo wa Henry Masauko Chipembere udathera.

Chipembere adabadwa m'chaka cha 1930, mwana wa wansembe wa Anglican, ndipo adaphunzira ku Fort Hare. Atalowa m'nyumba ya malamulo mu 1956, iye ndi Kanyama Chiume adalimbikira kuti Dr Banda abwere kudzatsogolera Congress. Kunena zoona, apa ndi pamene nzeru za mnyamatayu zidaperewera. Pofuna kuti anthu akumidzi amvere mtsogoleri mmodzi, adamkweza Banda ngati mpulumutsi, osalingalira kuti munthu wokwezedwa chotero adzakana kudzudzulidwa.

Patangopita miyezi iŵiri ufulu utabwera mu 1964, nduna zidadandaula za tiki imene odwala adayenera kulipira m'zipatala, za kuchedwa kopatsa Amalaŵi maudindo m'boma, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi. Koma gwero la mkangano lidali lakuti Banda ankagamula zinthu yekha, namazitcha ndunazo anyamata ake. Chipembere, yemwe adali nduna ya maphunziro, adali ku Canada. Iye sadachotsedwe ayi. Atabwerako adatula yekha udindo mu September, pokana kusiya anzake pa moto. Chimene ankafuna n'chakuti mtsogoleri azimva uphungu wa nduna ndi kumangidwa ndi malamulo monga munthu wina aliyense.

Njira zolankhulira zitatsekedwa, adatenga mfuti, ndipo pamenepa anthu amasiyana maganizo mpaka lero. Usiku wa pa 12 February 1965, iye ndi amuna pafupifupi 200 adalanda boma la Fort Johnston, lomwe tsopano ndi Mangochi, nauyamba ulendo wa ku Zomba. Pofika pa Liwonde adapeza pantoni itamangidwa tsidya lina la mtsinje. Asilikali a boma adafika, gululo lidabalalikira m'tchire, ndipo midzi yowaganiziridwa kuti idawathandiza idazunzika koopsa.

Chipembere adapita ku America chaka chomwecho akudwala nthenda ya shuga. Ali kunja kwa dziko adamva kuti Banda wakhala Pulezidenti wamuyaya mu 1971. Adamwalira ku Los Angeles pa 24 September 1975, ali ndi zaka 45.