Sisitere Henrietta Stockdale, Mphunzitsi wa Anamwino

Ambiri mwa anzathu amene tidaphunzira nawo ndi anamwino ndi azamba, ena pachipatala cha boma pa Mchinji, ena ku Kapiri, ku Ludzi ngakhale kutsidya kwa malire ku Mwami. Aliyense wa iwo dzina lake lili m'kaundula wa anamwino. Ndi ochepa amene amadziwa mai amene adamenyera kaundula wotere.

Henrietta Stockdale adabadwa m'chaka cha 1847 ku Nottinghamshire, ku Mangalande, ndipo bambo awo adali mbusa wa mpingo wa Anglican. Mu 1874 adapita ku Bloemfontein ataitanidwa ndi Bishopu Allan Webb, nalowa usisitere. Patapita zaka ziwiri adafika ku Kimberley, kumene anthu adali ataunjikana pofuna dayamondi ndipo matenda adali ponseponse. Iwonso adadwala kolimba. Atabwerera kwao kukachira sadangokhala: adakaonjezera maphunziro pa University College Hospital ku London.

Atapatsidwa udindo woyang'anira chipatala cha Carnarvon ku Kimberley, adayamba kuphunzitsa anamwino mwadongosolo. Masiku amenewo mkazi aliyense wamtima wachifundo ankatha kudzitcha namwino. Iwo ankaona kuti chifundo pachokha sichikwanira, pakuti wodwala angafe m'manja mwa munthu wokoma mtima koma wosadziwa ntchito. Ophunzira awo ankamva maphunziro, kugwira ntchito m'mawodi ndi kulemba mayeso, ndipo ambiri adakatsogolera zipatala zina.

Ntchito yawo yaikulu idaoneka mu 1891, pamene boma la Cape lidaika m'lamulo zoti anamwino ndi azamba ophunzira azilembedwa m'kaundula wa boma. Palibe dziko lina lidachitapo zimenezi. New Zealand idatsatira mu 1901, ndipo Britain, kwao kwenikweni, idachedwa mpaka 1919. Kuno kwathu bungwe loona za anamwino ndi azamba lidakhazikitsidwa mu 1966.

Tisabise mawu: khomo limene adatsegulalo adayamba kulowapo ndi azungu okha. Namwino wakuda woyamba, Cecilia Makiwane, adalembedwa mu 1908 ataphunzira ku Lovedale, komwe kudachokeranso William Koyi amene adadzalalikira kwa Angoni kuno.

Sisitere Henrietta adamwalira ku Kimberley pa 6 Okutobala 1911. Chiboliboli chawo chidaimikidwa pabwalo la tchalitchi cha St Cyprian mumzindawo.