Bilharz, dokotala amene adapeza gwero la likodzo

Makolo a ku Mulanje amalidziwa likodzo. Mwana akazolowera kusambira m'madambo ndi m'madzi odikha kumunsi kwa phiri, tsiku lina amayamba kukodza magazi. Kuchipatala nthendayi amaitcha bilharzia, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti limeneli ndi dzina la munthu.

Theodor Bilharz adabadwa pa 23 Malichi 1825 m'tauni ya Sigmaringen ku Germany. Adaphunzira zaudokotala ku Tübingen, ndipo m'chaka cha 1850 adatsagana ndi mphunzitsi wake, Wilhelm Griesinger, kukagwira ntchito ku Cairo m'dziko la Egypt.

Kumeneko alimi ambiri a m'mbali mwa mtsinje wa Nile ankakodza magazi, koma palibe ankadziwa chifukwa chake. M'chaka cha 1851, akupima mtembo pachipatala cha Kasr el-Aini, Bilharz adapeza kanyongolotsi koyera mumtsempha wopita kuchiwindi. Kenaka adaona kuti nyongolotsizi zimakhala ziwiriziwiri, yaikazi itagona mumng'alu wa yaimuna. Apa n'kuti ali ndi zaka 26 zokha.

Chimene madokotala adamvetsa pambuyo pake n'chakuti choopsa kwambiri si nyongolotsiyo ayi, koma mazira ake. Ena amatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi, koma ambiri amakanirira m'chikhodzodzo ndi m'chiwindi. Thupi limayesetsa kuwatchinga. Limatuma maselo otchedwa fibroblast, omwe ntchito yawo ndi kuluka ulusi wolimba wa collagen potseka bala. Ndi maselo omwewa amene amapanga chipsera mukadzitema ndi khasu.

Pakhungu chipsera sichivuta. Koma m'chiwindi, mazira akamabwera chaka ndi chaka, zipsera zimapana mitsempha, magazi n'kumalephera kudutsa. Kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo ena amasanza magazi. Mazira akafika m'mapapo, mtima umapopa movutikira mpaka kutopa. Ngakhale mtima weniweniwo, mnofu wake ukafa chifukwa cha kutsekeka kwa mtsempha, maselowa amaikapo chigamba cholimba chomwe sichigunda.

Mankhwala a praziquantel, amene ana amalandira m'sukulu, amapha nyongolotsizo, koma chipsera chokhalitsa sichichoka msanga. Nchifukwa chake kuzengereza n'koopsa.

Bilharz sadadziwe kuti nkhono za m'madzi ndizo zimasunga tizilomboti. Zimenezo adadzatsimikiza ndi Robert Leiper m'chaka cha 1915, ku Egypt komweko. Bilharz adali ndi chidwi ndi zamoyo zinanso, moti mu 1857 adalemba buku lonena za nsomba yogwira ngati magetsi, yamtundu wa nyesi imene asodzi a ku Shire amaidziwa.

Mu 1862 adaperekeza mfumu ina ya ku Germany paulendo wa ku Massawa, m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Adabwerako akudwala nthenda yotentha thupi kwambiri, ndipo adamwalira ku Cairo pa 9 Meyi chaka chomwecho ali ndi zaka 37. Ku Giza kuli malo ofufuzira matenda otchedwa dzina lake.